Ulendo wa Ababa wa ku Makka Unathera pa Mvera

Galimoto ija ndikadali nayo. Ndi pikapu yoyera yakalekale, ndipo masiku ano ukangopotoza kiyi kamodzi imadzuka, n'kukafika ku Lilongwe osatsokomola ngakhale pang'ono. Anthu pa Dwangwa amaitama. Ine akamaitama mtima umandiwawa, chifukwa tsiku limodzi lokha limene ndinkafuna kuti iyende, inandichititsa manyazi amene ndidzalowa nawo m'manda. Koma ndisanamizire chitsulo. Chitsulo chilibe makutu, amene anali ndi makutu n'kukana kumva ndine.

Ababa anali msodzi moyo wawo wonse. Zaka zoposa makumi atatu anakhala kumbuyo kwa boti, dzanja lili pa injini, kusaka usipa kuyambira ku Bua mpaka ku Ngala. Sanali munthu wolakalaka zambiri. Chimodzi chokha ndicho ankachitchula pa duwa iliyonse, akamapempha kwa Mulungu: kukafika ku Makka, kukachita Haji maso akadali openya. Chaka chimenecho anagulitsa boti, injini yake ndi khoka la chilimira lomwe, dzina lawo n'kulowa m'gulu la opita. Anagulanso nsalu ziwiri zoyera zosasoka zimene amuna amavala kumeneko, n'kuzipinda bwinobwino pansi pa chikwama. Nthawi zina ndinkawapeza atazitulutsa, akungozisisita.

Shehe wotsogolera gululo analankhula momveka: ndege inyamuka 2 koloko masana, wofika itadutsa 1 koloko apeza atatseka, choncho aliyense akagoneretu ku Lilongwe. Amene anakana zimenezo ndine. Ndinati abale a ku Mwadzama ndi a kuboma ku Nkhotakota abwera kudzatsanzikana nawo madzulo ake, Ababa asawathawe. Koma chifukwa chenicheni chinali china. Ndinali nditangoika injini ina m'galimoto, ndipo ndinkafuna mudzi wonse uone Ababa akunyamuka pa galimoto ya mwana wawo, osati atapanikizana ndi madengu a usipa m'minibasi.

Injini yakale inagogoda n'kufa miyezi isanu m'mbuyomo. Ndinaitanitsa ina yogwirapo kale ntchito kunja, yodzera ku Songwe, ndipo Gondwe, makaniko wa pa Dwangwa, anatha masabata awiri akuilowetsa. Sinali yofanana ndendende ndi yakale ija. Apa adule waya, apa awotcherere kachitsulo, apa apinde paipi, mpaka inakhala. Inkalira mokoma, moti ndinkachita kutsitsa galasi kuti ndiziimva. Kamodzi kokha inandizimira pochokera ku Ngala. Gondwe anasintha mapulagi n'kundigwira paphewa.

"Yayi bwana, musadandaule," anatero. "Injini ikuzolowera thupi lachilendo basi. Imeneyi ngakhale ku Joni ikafika."

Ndinamukhulupirira, poti ndi zimene ndinkafuna kumva.

Tinanyamuka titangoswali swala, pemphero lathu la m'mamawa. Kunja kunali mwera, kukuzizira, fungo la nzimbe zowotcha lili ponseponse. Thanki ndinali nditadzaza dzulo lake mpaka m'khosi, n'kukhoma chitsekerero chake ndi kakiyi kamene kamalendewera pamodzi ndi kiyi wolizira. Kutsogolo tinakhala atatu: ine, achemwali anga aakulu a Mariamu pakati, Ababa kuwindo. Anavala mkanjo woyera watsopano ndi mzuli, chikwama chija atachikumbatira pamiyendo, anakana kuti chikhale kumbuyo. Azimayi anatiperekeza mpaka kumsewu waukulu. Ine ndinaliza hutala katatu, mopanda chifukwa, kuti ngakhale ogona adziwe.

Titatsala pang'ono kufika pa mlatho wa Bua, galimoto inayamba kunjanja. Ndikaponda mafuta, m'malo mothamanga inkachita ngati wina akuikoka kumbuyo. Inatsokomola kawiri, katatu, kenako zii. Ndinaikhotetsera m'mbali mwa msewu n'kupotoza kiyi. Sitata inazungulira bwinobwino, batire inali ndi moto, koma injini osadzuka.

Ine ntchito yanga ndi kunyamula mpunga ndi katundu wa anthu. Kuyendetsa ndimatha, koma za m'kati mwa boneti ndimangodziwa poika madzi ndi oyilo. Komabe ndinatsegula, n'kuima pamenepo manja ali m'chiuno. Ndinagwedeza mawaya, ndinatola mwala n'kugogoda mitu ya batire. Ababa anatsika pang'onopang'ono, n'kuima chapatali akumvetsera pamene ndinkayesanso kuliza.

"Saidi," anandiitana, "thanki yakoyi ikupuma?"

"Kupuma bwanji, Ababa?"

"Panyanja ukaiwala kumasula kabawuti ka pamwamba pa thanki, injini imayenda pang'ono n'kuzima. Ukadikira imadzuka, kenako n'kuzimanso. Mafuta satuluka ngati mpweya sukulowa. Tatsegula chitsekererocho timve."

Ndinaseka. Mulungu andikhululukire, ndinaseka.

"Ababa, iyi ndi galimoto, si boti. Lowani m'kati, mudetsa mkanjo."

Analowa. Tinakhala pamenepo pafupifupi theka la ola, kunja kukucha, azimayi a m'madambomo akuyamba kutulutsa mpunga woti ayanike m'mbali mwa tala. Nditayesanso, injini inadzuka ngati sinalakwe chilichonse.

"Mwaona?" ndinatero. "Kanali kawaya komasuka basi."

Pa Nkhotakota tinafika 7 koloko itangodutsa. Basi yaikulu ya ku Lilongwe inali pasiteji, injini ikulira, anthu akukwera. A Mariamu anandigwira mkono. Achemwali anga amenewa pakamwa pawo sipagona mawu.

"Saidi, tiwakweze Ababa basi iyi. Ine ndipita nawo. Iwe utsale uzinyengerera chitsulo chakochi."

"Basi imeneyi iziima pa mtengo uliwonse," ndinayankha. "Tiipitirira isanafike ku Benga. Ndingoonetsa kaye kwa amisiri, mphindi khumi."

Ndinaimbira Gondwe. Anayankha ndi mawu atulo n'kunena kuti ndi sefa ya mafuta, galimoto inakhalitsa osayenda, thanki yachita zinyalala. Tinapeza galaja ina kuseri kwa msika. Mwini wake, bambo wina wamimba yaikulu, anali akumwa tiyi ndi chinangwa, ndipo sanaone chifukwa chosiyira kapu yake pakati. Atamaliza anachotsa sefa ija, anaiuzira, n'kundionetsa timadontho tofiirira pachikhatho pake. Yatsopano analibe. Sitolo yogulitsa zipangizo inali isanatsegule, mwini wake ankati ali m'njira pa kabaza. Tili chidikirire, basi ija inadutsa pamaso pathu, kondakitala akumenya chitseko. A Mariamu anaiyang'ana mpaka inakhota, kenako anayang'ana ine.

Pagalajapo panali patasonkhana amuna angapo, monga mudziwa kuti boneti yotsegula imaitana anthu kuposa ng'oma. Ababa anatsikanso, n'kupita kwa makaniko uja mwaulemu.

"Amisiri, pepani, mutayang'anako polowera mpweya wa thanki. Ine ndikuona ngati siikupuma."

Makaniko uja anawayang'ana kuchokera pa mzuli mpaka kumapazi.

"Madala, inunso mumadziwa za injini?"

Apa ndiye pamene ndinalakwa kulakwa kwenikweni. Ndikanangokhala chete. Koma ndinachita manyazi kuti bambo anga akuphunzitsa ntchito munthu wa ovolosi, ndiye ndinati, mokweza kuti onse amve:

"Asiyeni awa, ndi asodzi. Chilichonse amachiona ngati boti."

Amuna aja anaseka. Ababa anapisa dzanja m'thumba. Anatulutsa tasibihi, mikanda yawo yopempherera, n'kubwerera pampando wawo, n'kutseka chitseko mosamenyetsa. Kuyambira pamenepo sanatchulenso za thanki.

Tinachoka pa boma cha m'ma hafu pasiti eyiti, sefa yatsopano ili m'malo. Ndipo inayenda, anthuni, inayenda. Tinawoloka Chia, ogulitsa nsomba akutikwezera chambo m'mwamba, ine n'kumaimba kamluzu. Maenje a mumsewu ndinkawazemba ngati ndikuvina. Ndinafika mpaka pouza a Mariamu kuti akonzekere kuibayibitsa basi yawo ija. Iwo anangoti, "Yendetsa, usalankhule."

Tisanafike ku Benga pali kamlatho kopapatiza, kodutsa galimoto imodzi. Pakati penipeni pa kamlatho kameneko, kunjanja kuja kunayambanso. Ndinaipempha, ndinaitukwana, koma zii. Kumbuyo kwathu kunaima lole yodzaza matumba, kutsogolo minibasi, onse akuliza mahutala ngati ndinaima dala. Woyendetsa lole anatulutsa mutu.

"Chotsani chiphakasa chanucho! Tonse tili ndi kopita!"

A Mariamu anamanga chitenje m'chiuno n'kutsika kukakankha. Ine ndinali pa chiwongolero. Nditayang'ana pagalasi ndinaona anthu awiri kumbuyo, osati mmodzi. Ababa, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, wopita ku Haji, anali atatsamiritsa phewa pa chitseko chakumbuyo cha pikapu, akukankha. Titatuluka pamlathopo, mkanjo woyera uja unali ndi mzere wa dzimbiri ndi fumbi kuchokera paphewa mpaka pachifuwa. Anayesa kuukuntha ndi dzanja, unangofalikira.

Pamenepo tinakhalitsa. Anthu anabwera, aliyense ndi matenda ake. Wina anati ndi pampu ya mafuta. Wina anati petulo wa masiku ano ngwosakaniza ndi palafini. Mphunzitsi wina wa pa njinga anati ndi koyilo, ikatentha imadula moto, tiikulunge ndi kansalu konyowa. Ndiye panali mayi wina wogulitsa mbatata yootcha, amene atamva kumene tinkapita anapukusa mutu.

"Ulendo ngati umenewu si onse amakondwera nawo. Kumudzi kwanuko mwasiyako munthu wa mtima wakuda."

Mawu amenewo ndinawalandira ndi manja awiri. Ndinayamba kuwerenga m'mutu abale onse amene anabwera kudzatsanzikana, amene anadya mpunga wathu osamwetulira, amene anafunsa kawiri za mtengo wa boti. Zinali zokoma kuganiza kuti wolakwa ndi wina wake wa ku Mwadzama. Kansalu konyowa tinakulunga ndithu, a Mariamu anachita kung'amba mpango wawo.

Foni inalira. Anali shehe uja.

"Assalamu alaikum, Saidi. Anzanu onse tili pabwalo la ndege. Muli pati?"

"Tadutsa Salima, shehe. Tatsala pang'ono."

Ndinanama Ababa ali pomwepo, windo lili lotsegula. Ndinawamva akupempha chikhululukiro kwa Mulungu chapansipansi kuti, "Astaghfirullah." Sanandiyang'ane.

Patatha theka la ola injini inadzukanso. Mphunzitsi uja anawomba m'manja, ine n'kumuthokoza ngati wandiombola. Tinayenda, tinadutsa Benga, tinalowa m'boma la Salima, ndipo chakufupi ndi Khombedza inazimanso. Kansalu tinanyowetsanso ndi madzi akumwa a Ababa. Ndinaimbiranso Gondwe, iye n'kuti mwina ndi waya wa ethi, ndiumange pa chitsulo china. Ndinamasula, ndinapala ndi mpeni, ndinamanga. Sinadzuke mpaka nthawi yake yomwe ija itakwana. Chilichonse chimene ndinkagwira pomaliza ndinkati ndicho chachiritsa, osaona kuti chimene chinkaichiritsa ndi kudikira basi, monga momwe Ababa ananenera pa Bua.

"Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha," anatero a Mariamu tikunyamukanso, "koma iyeyo sankathamangira ndege."

Ku Salima tinalowa 11 koloko itadutsa. A Mariamu anati ndikapanda kuima pasiteji adumpha galimoto ikuyenda. Ndinaima, injini osazimitsa. Minibasi ya ku Lilongwe inalipo, oitanira akulumbira kuti ikunyamuka pompano, koma m'katimo munali anthu anayi okha, ndipo awiri mwa iwo nkhope zawo zinkaoneka kuti ndi oitanira anzawo ongokhalamo kuti ioneke yodzaza. Panali ndi mnyamata wa takisi amene anati akhoza kukawatula Ababa pakhomo penipeni pa bwalo la ndege. Atawona mkanjo ndi nkhope zathu, anatchula mtengo ngati akutigulitsa galimoto yomweyo. Ine magazi anakwera.

"Ukuona ngati tatola ndalama panjira? Ndiwe wakuba iwe!"

"Saidi, ndilipira ndine," anatero a Mariamu. "Usiye makani."

"Kwatsala mtunda wa ola limodzi ndi theka basi. Mukuimva mmene ikulirira? Waya uja ndiye anali vuto. Kuchokera pa Khombedza yatsokomolapo?"

A Mariamu anatembenukira kuwindo.

"Ababa, ulendowu ndi wanu. Mukuti bwanji?"

Ababa anayang'ana kutsogolo, zala zikuyenda pa tasibihi.

"Mwini galimoto ndiye akudziwa. Ine ndine msodzi."

Munthu wanzeru akanamva kulemera kwa mawu amenewo. Ine ndinawatenga ngati chilolezo, n'kulowetsa giya.

Msewu wochoka ku Salima umayamba mwaulemu, kenako umayamba kukwera mapiri. Pa chitunda choyamba galimoto inakwera. Pa chachiwiri inakwera mokoka. Titayandikira Mvera, pa chitunda chachitali chokhotakhota, ndinamva kunjanja kuja kukubwera kuchokera pansi pa phazi langa. Ndinasintha giya, ndinapopa mafuta, ndinatchula maina onse a Mulungu amene ndinkawakumbukira. Inazima. Ndinakoka handibuleki, a Mariamu n'kuthamanga kukaika miyala kumatayala. Nthawi inali itangodutsa 12 koloko.

Pamalopo panalibe nyumba, panalibe msika, udzu wouma ndi mphepo basi. Ndinaima pakati pa msewu kuimitsa galimoto iliyonse. Ena ankangokweza dzanja kupepesa, ena ankachita ngati akuyang'ana foni. Ndani aime pa chitunda? Patapita nthawi minibasi ya ku Salima ija inatipeza, itadzaza mpaka kondakitala theka la thupi lili panja. Anatizindikira, n'kutikuwira akudutsa:

"Bwana, tinakuuzani!"

Ndinabwerera ku boneti ngati wamisala. Ndinachotsa sefa ya mpweya, ndinazula mawaya a mapulagi n'kuwabwezera, ndinapsa dzanja pa chitsulo chotentha osamva n'komwe. Gondwe ndinamuimbira kanayi. Kachitatu anati mwina ndi kompyuta ya injini, siikugwirizana ndi mawaya akale, ndipo zimenezo n'zofunika makina a ku Lilongwe. Kachinayi foni inali yozimitsa. Shehe ankaimba, ine osayankha.

Mutu uli m'boneti, ndinamva makiyi akulira. A Mariamu anali atalowetsa dzanja pawindo n'kuwazula.

"Achemwali, mukutani?"

"Khala chete, Saidi. Walankhula kuyambira ku Bua. Kwakwana."

Anazungulira mbali ina, anatsegula chitseko, n'kugwada pafumbi pomwepo.

"Ababa, nawa makiyi. Chonde."

Ababa anawayang'ana kanthawi. Kenako anaika chikwama pampando, anatsika, n'kuyenda mogwira m'mbali mwa galimoto mpaka pa thanki. Kakiyi kanavuta kulowa. Atapotoza chitsekerero, tonse tinamva. Thanki inakoka mpweya, phokoso lalitali ngati la munthu amene anamizidwa m'madzi n'kuvuuka, ndipo pansi pa galimoto chitsulo chinalira kuti gu, thanki ikubwerera m'malo mwake. Inali itafinyika ndi kukoka kwa pampu.

Ababa anabwezera chitsekerero chija mosamangitsa, n'kundipatsira makiyi.

"Liza."

Kamodzi kokha. Inadzuka, n'kumalira mokoma muja inkalirira pa Dwangwa.

Tinakwera chitunda chija ngati n'chigwa. Chezi tinadutsa, Kanengo tinakhota, galimoto ikuthamanga mmene sinathamangirepo, ine misozi ikutsika ndikuyendetsa. Ndinkangowerenga m'mutu. Theka la ola pa Bua. Ola ndi theka pa boma. Benga. Khombedza. Mvera. Zonsezo zikanatha ndi kupotoza kumodzi, dzuwa lisanatuluke.

Pabwalo la ndege tinafika 1 koloko itadutsa kalekale. Polembetsa katundu panali potseka. A Mariamu anagwadira mayi wina wa yunifolomu, anamuonetsa pasipoti, anamuonetsa mkanjo, anamuuza za boti. Mayiyo anali wachifundo, anapita m'kati n'kubwerera akupukusa mutu. Shehe anaimba ali m'ndege momwemo, mawu ake ali ogwa, kunena kuti wayesetsa koma zitseko atseka.

Tinatuluka panja. Posakhalitsa tinaimva ndege ikubangula, kenako inatulukira pamwamba pa mitengo. Ababa anaiyang'ana dzanja lili pamphumi mpaka inasanduka kadontho. Ine ndinagwada pa tala pamaso pa anthu.

"Ababa, ndimenyeni. Nditukwaneni. Ndalakwa ine."

Ndinkafunadi atandimenya. Koma anangondigwira pamutu.

"Dzuka, anthu akuona. Ku Makka munthu amapita ataitanidwa. Ine sindinaitanidwe chaka chino." Anayang'ana dzuwa. "Nthawi ya swala ikutha. Kandipezere madzi."

Anaswali pa udzu, pafupi ndi poimika magalimoto, mzere wa dzimbiri uja uli paphewa.

Tinakhala masiku awiri kwa msuweni wathu ku Lilongwe, tikuyenda ofesi ndi ofesi. Gulu lija linali lomaliza, ndipo malo m'ndege ina sanapezeke masiku olowera ku Haji asanathe. Tsiku lachitatu tinabwerera. Kuchokera ku Lilongwe mpaka kumudzi, chitsekerero chili chomasula, galimoto sinatsokomole ngakhale kamodzi. Titalowa m'mudzi masana, azimayi omwe aja anatiperekeza anatuluka m'makomo n'kuima, osadziwa kuti alonjere bwanji. Ababa anatsika ndi chikwama chawo, anapereka salamu kwa aliyense, n'kulowa m'nyumba.

M'mawa mwake ndinapita kwa Gondwe ndili ndi ukali woti ndimuphe. Ndinamuuza zonse. Anakanda mutu, anatsegula boneti, anapisa dzanja kuseri kwa injini, n'kutulutsa kapaipi kakang'ono kakuda. Kumapeto kwake kunali bawuti yolowetsedwa mothina, yomangidwa ndi waya.

"Ooo, ndi aka eti," anatero. "Pa injini yakale kankalowa m'kachitini kena. Pa yatsopanoyi ndinasowa pokalowetsa, ndiye ndinakatseka kuti fumbi lisalowe. Kani ndi kopumira thanki? Pepani bwana."

Anamasula waya ndi zala, anazula bawuti ija, n'kuiponya m'chitini cha mabawuti anzake. Ntchito yonse sinathe mphindi imodzi. Ndinaima pamenepo zibakera zili zokunga, koma ndimumenye chifukwa chiyani? Gondwe anatseka paipi chifukwa sankadziwa. Ine ndinauzidwa kawiri ndi munthu wodziwa, n'kumuseketsa pagulu.

Anthu amakonda kunditonthoza ndi mwambi uja wakuti mawu a akulu akoma akagonera. Ndimadana nawo mwambi umenewo. Kwa ine sanakome ayi, akuwawabe mpaka lero.

Ababa sanatchulepo za tsiku limenelo, ngakhale kamodzi. Boti analibenso, ndiye m'mawa ankapita kudoko kukathandiza anzawo kusoka maukonde. Ankati chaka chamawa, Inshaallah, ndipo ine ndinalumbira kuti ndidzawagoneka ku Lilongwe sabata yathunthu ndege isananyamuke. Koma mvula itayamba anadwala. Mwendo ndi dzanja la kumanja zinafooka, kenako mawu anayamba kuvuta. Tinawagoneka m'chipatala pa boma. Tsiku lina a Mariamu akuwamwetsa phala, Ababa anawakoka mkono n'kunena movutikira kuti sanda tisadzagule ina, nsalu zawo ziwiri zija zili pansi pa chikwama.

Anamwalira Lachinayi m'mawa. Monga mwa chipembedzo chathu, tinayenera kuika tsiku lomwelo, ndipo galimoto imene inalipo inali yanga. Tinayala mphasa ndi matiresi kumbuyo, tinawagoneka, a Mariamu n'kukhala pambali pawo atawagwira phewa kuti asagwedezeke m'maenje. Kutsogolo ndinakhala ndekha.

Titawoloka mlatho wa Bua ndinapazindikira pamalo paja, pamene anaima chapatali n'kundifunsa ngati thanki ikupuma. Ndinachotsa phazi pa mafuta. Mumtima ndinkapempha kuti izime, izime pomwepo, kuti nditsike ndipite kumbuyoko ndikawafunse chochita.

Sinazime.